Kusiyanitsa ma ostracod: kuona chigoba kapena kuyeza DNA

Ophunzira sayansi kuno ku Lusaka akatapa matope mumtsinje wa Kafue kapena m'nyanja ya Tanganyika, amapezamo ma ostracod, tizilombo ta m'gulu la nkhanu totalika pafupifupi milimita 1, tokhala m'kati mwa zigoba ziwiri. Njira yakale yodziwira mitundu yake ndiyo kuona chigoba pa maikulosikopu, makamaka zipsera zimene minofu imasiya m'kati mwake. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo imathandiza ngakhale pa zigoba zimene zakwiririka zaka mamiliyoni ambiri. Kuyeza DNA kumalekanitsa mitundu yofanana maonekedwe, koma kumafuna kachilombo kosaola komanso ndalama zambiri. Ine ndikuona kuti wophunzira ayambe wadziwa chigoba, chifukwa nthawi zambiri m'matope mumatuluka zigoba zopanda kanthu.