Mbale ya "Children" ya Robert Miles patatha miyezi 9: ikubwerezabe malo amodzi, ndipo yandidyera singano

Pa tebulo panga pali lisiti la £45, la singano yatsopano ya gumbagumba. Lakhala pamenepo masiku anayi ndipo nthawi iliyonse ndikaliona mtima umandiwawa. Kuwonjezera apo, Lamulungu lapitali achimwene ena amene timapemphera nawo kuno ku Leeds anandiimitsa potuluka n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mbale munkaitama ija, nanenso ndigule?" Ndinawauza kuti ndiwalembera, poti yankho lake silikanatheka titaima pakhomo la tchalitchi mphepo ikutimenya.

Mu Febuluwale ndinagula mbale ya mainchesi 12 ya nyimbo ya "Children", yotuluka kuno ku Britain mu 1996 pansi pa kampani ya Deconstruction. Ndinaigula kwa munthu wina wogulitsa mbale zakale pa intaneti, £18 kuwonjezerapo £4.50 yotumizira. Iye analemba kuti ili NM, chizindikiro chimene ogulitsa mbale amaika pa mbale yomwe yangotsala pang'ono kufanana ndi yatsopano. Patangotha mlungu umodzi ndinalemba ndemanga yoyamikira, nyenyezi zonse zisanu. Ndinafulumira, ndipo tsopano ndikuona.

Nyimboyi ndinayamba kuimva ku Ndirande ndili mnyamata, pa kaseti imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kasetiyo inalibe dzina la woimba, anangolembapo ndi bolopeni kuti "disco". Tinkaitcha nyimbo ya piyano ija. Zoti anaipanga ndi Roberto Concina, mnyamata wa ku Italy wobadwira ku Switzerland mu 1969 amene anadzitcha Robert Miles, ndinadzazidziwa ndili kale kuno. Inayamba kutuluka ku Italy mu Januwale 1995 pansi pa kampani yaing'ono ya DBX, ili pakati pa nyimbo zina pa EP (mbale ya nyimbo zochepa) yotchedwa Soundtracks, ndipo poyamba siinamveke kwenikweni. Itafika ku Britain, inadzera kaye ku kampani ya Platipus, kenako Deconstruction inaitenga n'kuitulutsa mu Febuluwale 1996. Inakwera mpaka nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri kuno, ndipo m'maiko oposa 12 inafika pa nambala 1. Nyimbo yopanda mawu, munthu osatsegula pakamwa ngakhale kamodzi, koma mwini wake n'kudzalandira nayo mphoto ya oimba ya Brit Award mu 1997.

Zabwino za mbaleyi ndizitchule mwachangu chifukwa zilibe nkhani. Chikuto chinafika chosang'ambika ndipo mpaka lero chili bwino. Mbaleyo njosapindika. Besi imamveka mokhuta kuposa mmene ndinkaimvera pa foni, moti aneba a pansi anabwerapo kamodzi kudzagogoda. Mbali inayo imalira bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sindinaipezepo vuto.

Vuto lili kumbali imene kuli mtundu wa nyimboyi wotchedwa Dream Version, womwe ndinagulira mbaleyi. Amene mumaidziwa mukukumbukira kuti imayamba ndi kugunda kwa mabingu, kenako piyano, ng'oma n'kudzalowa pambuyo. Chapakati ng'oma zimakhala chete piyano n'kutsala pamwamba. Pamenepo ndiye pamene mbale yanga imakakamira. Sikuti singano imadumphira kutsogolo ayi. Imabwerera m'mbuyo mzere umodzi, n'kumangoimba kachidutswa komweko osapitirira.

Tsiku loyamba kuchitika ndinali kukhitchini ndikuphika tiyi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinatha mwina mphindi yathunthu osazindikira. Chamba chimenechi cha trance ndi nyimbo zobwerezabwereza kale. Ndinkangogwedeza mutu n'kumati koma mnyamatayu analidi ndi luso lodikiritsa anthu. Ndi mayi a kunyumba amene anafuula ali kuchipinda kuti, "Bambo, kodi nyimbo yanuyo yaiwala njira?" Nditapita kukaona ndinapeza mkono wa gumbagumba ukungonjenjemera malo amodzi.

Chimene chinandipweteketsa n'chakuti sizichitika nthawi zonse. Milungu itatu yoyamba mbaleyi inadutsa pamalopo popanda chovuta, mwina chifukwa singano yanga inali idakali yakuthwa. Pamene vuto linayamba kuonekera, masiku 14 obwezera katundu anali atatha kale. Kuyambira pamenepo zinkangotengera tsiku: lero yadutsa, mawa yakakamira, mkuja yadutsa kawiri n'kukakamira kachitatu. Munthu akayenda pafupi, poti nyumba za kuno pansi pake ndi matabwa, ndiye basi yakakamira. Ndinaitengera pawindo masana n'kuipendeketsa, ndipo ndinaona kamzere kakang'ono kokandika, kosakwana ngakhale utali wa njere ya mpunga, koyenda mopingasa pang'ono motsatira mizere ya nyimbo. Kukanda kodula mizere mowongoka kumangopanga phokoso la "thwa, thwa" singano n'kudutsa. Koma kotsatira mizereku n'koopsa, kumaikokera singano m'njira yolakwika.

Ndinayesa zonse zimene anthu amanena. Ndinaitsuka ndi madzi osungunula aja ogula m'botolo ndi kansalu kofewa. Ndinagula burashi yochotsera fumbi. Ndinayeza ngati gumbagumba yakhala mowongoka, ndinaisuntha kuichotsa pafupi ndi sipika. Kulemera kwa singano ndinakukweza kuchoka pa magalamu 2 kufika pa 2.5, ndipo zinathandiza mlungu umodzi wokha. Kenako ndinakumbuka amalume anga ku Chilomoni, amene mbale ikamadumpha ankangoika tambala pamutu pa mkono wa gumbagumba yawo, nyimbo n'kumapita. Ndinatenga kandalama kachitsulo ka 1p n'kuchita zomwezo. Zinagwira ntchito! Kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala piyano inkadutsa ngati palibe chinachitikapo, ndipo ine ndinkadziona katswiri.

Sindinaganize zoti 1p imalemera magalamu 3.56. Gumbagumba ya amalume inali ndi singano yonga msomali, yanga ndi kanthu kosalimba kopangidwira magalamu awiri. Mwezi watha ndinayamba kumva kuti mbale zanga zonse, ngakhale zatsopano, zikulira mosasa ngati wailesi yotha mabatire. Bambo wokonza zipangizo amene ndinamupititsira anayang'ana ndi galasi lake n'kundifunsa ngati kunyumba kuli mwana amene amaseweretsa. Ndinachita manyazi kunena kuti mwanayo ndine. Kachitsulo konyamula singano kanali katapindika, kagwada pansi. Ndiye £45 ija. Mlandu wa singano ndi wanga, sindikana. Koma ndikanaika ndalama pamenepo chifukwa chiyani mbale ikanakhala monga anailembera?

Za wogulitsa uja. Ndinamulembera koyamba mu Malichi, mwaulemu ndithu. Anayankha kuti mbale zake zonse amaziimba asanatumize, ndipo vuto liyenera kukhala gumbagumba yanga. Ndinamutumizira kanema wa pafoni woonetsa singano ikubwerera, ndi chithunzi cha kamzere kaja. Anati pachithunzipo sakuona kanthu. Ndinajambulanso ndi tochi. Apa ndiye anavomera kuti "mwina" pali kanthu, n'kunena kuti andibwezera £4. Zinayi, pa £22.50. Ndinakwiya moti sindinayankhe masiku awiri, ndipo nditavomera ndalamayo inatenga milungu itatu kuti ifike. Nthawi imeneyo mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti ndi mbava yovala bwino.

Koma sindinaitaye mbaleyi, ndipo chifukwa chake ndi ntchito yanga. Ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndimaweruka 8 koloko m'mawa. Amene munagwirapo usiku mukudziwa kuti thupi limakhala latopa koma mutu ukuthamangabe, mabelu a m'zipinda akulirabe m'makutu. Ndinazolowera kuti ndikafika, ndisanagone, ndimaika mbaleyi motsitsa n'kukhala pampando mphindi 7 zimenezo. Robert Miles anaipanga ndi cholinga chofanana ndi chimenechi. M'zaka za m'ma 1990 ku Italy achinyamata ambiri ankafa pa ngozi za galimoto pochokera kumadansi m'bandakucha, atavina usiku wonse, ena ataledzera, mpaka ngozizo zinapatsidwa dzina lakuti stragi del sabato sera, kutanthauza imfa za Loweruka usiku. Iye ankafuna nyimbo yotsekera dansi, yoti anthu mitima ikhale m'malo asanagwire chiwongolero. Chinanso chimene chinamukhudza ndi zithunzi za ana ovutika ndi nkhondo ya ku Yugoslavia zimene bambo ake anabwera nazo atapita kukathandiza kumeneko, n'chifukwa chake dzina lakuti "Children". Ine sindichokera kudansi, ndimachokera kosintha anthu zofunda. Koma mankhwalawo amandigwira chimodzimodzi. Masiku amene yadutsa bwino pamalo paja ndimagona ngati mwana. Masiku amene yakakamira ndimadzuka pampando ndikutukwana chamumtima, tulo tonse n'kubalalika.

Chinandisangalatsa china ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 15. Tsiku lina atamva piyano ija anatuluka kuchipinda n'kunena kuti, "Adadi, mwaipeza kuti nyimbo ya Ella Henderson yopanda mawu?" Iye ankadziwa "React", imene Switch Disco anatulutsa ndi Ella Henderson mu 2023 atatenga piyano ya "Children". Ndinamuonetsa chaka cholembedwa pa chikuto, 1996, ndipo anawerengera ndi zala kuti nthawiyo ine ndinali wamng'ono kuposa mmene iye alili pano. Anakhala pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto, ndipo mwamwayi tsiku limenelo siinakakamire. Nditamuuza kuti mwini wake anamwalira ndi khansa ku Ibiza mu Meyi 2017 ali ndi zaka 47, anangoti "shame" n'kubwerera ku foni yake. Komabe tsopano akabwera ndi anzake amawaonetsa mbaleyo ngati ndi yake. Madzulo amenewo £22.50 inkaoneka yochepa.

Nditalipira singano ndinamulemberanso wogulitsa uja, osati poyembekezera kanthu, koma kuti angodziwa kumene NM yake yandifikitsa. Sindinabise za 1p. Ndinadabwa kuti anayankha tsiku lomwelo, ndipo mawu ake anali ofatsa kusiyana ndi mu Malichi. Za singano anakana, ndipo pamenepo sindingamutsutse. Koma anati wapeza ina yofanana nayo m'katundu amene wangogula kumene, ya VG+ (chizindikiro chotsikirapo pa NM), ndipo anditumizira ulere ndikangolipira £4.50 ya positi. Ndinalingalira usiku wonse kuntchito. Kulipiranso munthu yemweyo? Ndinalipira.

Yafika Lachiwiri. Chikuto chake n'chotha m'makona, pali chizindikiro cha kapu ya tiyi, ndipo poyambira pamene pali mabingu pamamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Koma ndaiimba kasanu ndi kamodzi, singano ili pa magalamu 2 ake enieni, ndipo yadutsa ulendo uliwonse. Chodabwitsa n'chakuti ikamayandikira malo aja thupi langa limakonzekabe kudzuka.

Tiyeni tiwerengere. £22.50 yoyamba, kuchotsapo £4 imene anabweza, kuwonjezera £9 ya burashi ndi madzi, £45 ya singano, ndi £4.50 ya positi yachiwiri. Zonse £77, pa nyimbo imene ili pa foni yanga kwaulere. Mayi a kunyumba anandithandiza kusintha ndalamayo kukhala makwacha mokweza mawu, n'kutchula matumba a feteleza amene akanagulidwa kumudzi. Sindinayankhe.

Tsono achimwene, yankho lanu ndi ili. Nyimboyo gulani, ilibe mlandu. Koma musalipire £18 monga ndinachitira ine. Nyimboyi inagulidwa ndi anthu mamiliyoni, mbale za Deconstruction zilipo zambirimbiri m'mashopu a zakale, sizosowa ngati zoyamba zija za ku Italy. Zilembo za NM zisakukopeni, ndi maso a wogulitsa chabe ndipo ambiri amangoyang'ana osaimba. Ngati n'kotheka pitani pa shopu pomwe angakuikireni mumve ndi makutu anu, makamaka chapakati pomwe ng'oma zimakhala chete. Ngati mukugula pa intaneti, ikangofika iimbeni kambirimbiri masiku 14 asanathe, muziyendayenda dala pafupi nayo. Ndipo ndalama zachitsulo zizikhala m'thumba.

Nyenyezi zisanu zija ndazitsitsa kufika pa zitatu. Mayi a kunyumba akuti ziwiri zikanakwana, ine ndawonjezera imodzi chifukwa cha mbale yachiwiriyi, ngakhale inabwera mochedwa ndi miyezi 8. Yoyamba ija mwana akufuna aikhomere pakhoma kuchipinda kwake. Ndamuuza kuti adikire kaye, mbali inayo idakali yabwino ndipo ndinailipira.