Sienta ya hayala inatisiya pakati pa njovu, eni ake ndikuwapatsa nyenyezi ziwiri basi

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi, ndimafuna mtima uyambe watsika kaye, koma sabata zitatu zakwana dipoziti yanga sinabwere yonse nde basi ndilembe. Dzina sinditchula, koma ndi mmodzi mwa aja obwereketsa ma Sienta ndi ma Noah pa Kasungu pompano.

Ana atatsekera sukulu tinagwirizana zoti tipite nawo ku nyanja ku Nkhotakota, makamaka chifukwa cha apongozi anga omwe akhala akunena chaka ndi chaka kuti ine ndidzafa osaionanso nyanja. Tinalipo anthu 6, ine, abambo akunyumba, ana atatu ndi agogo awowo, ndiye ka Vitz kathu sikakanakwana komanso kakudwaladwala masiku ano. Mtengo unali K120,000 pa tsiku, masiku awiri, dipoziti K100,000, mafuta athu. Sindinadandaule, nyengo yogulitsa fodya galimoto za hayala zimasowa, tinachita mwayi kuipeza.

Tsiku lokatenga ndinapita nawo dala chifukwa abambo akunyumba ndi munthu wamanyazi, safunsa zambiri. Bwana wake anatilandira bwino zedi, kuseka mano onse panja, akuti "Mayi, galimoto iyi yachoka ku sevisi dzulo lomweli, mukhoza kupita nayo mpaka ku Joni osatsegula boneti." Ine ndinafunsa kuti nanga sipeya ilipo? Anatsegula kumbuyo, kukweza kakapeti pang'ono, kuloza, kutseka. Ndinaliona ndithu tayala, kaja kakang'ono kowonda ngati ka njinga yamoto. Kulikhudza ayi sindinalikhudze, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinapusa. Chomwe ndinachita chanzeru ndi kujambula galimoto yonse pa foni mbali zonse tisananyamuke, mumva kutsogoloku chifukwa chake.

Tinanyamuka Loweruka cha m'ma 7 m'mawa kulowera msewu wa M18. Poyamba zonse zinali bhobho, ana akuimba, phiri la Kasungu likutsalira kumbuyo. Tinaima pa Mtunthama kuti ana aone Kamuzu Academy, angakhale pa geti pokha, ndi mtengo wa kachere uja amati Kamuzu anaphunzirirapo ali mwana. Apongozi apa ndiye anatsegula buku lonse, kuti sukuluyi inatsegulidwa mu 1981 iwo ali mtsikana, kuti ankavala chitenje cha nkhope ya Ngwazi kukavina, mpaka anayamba kutionetsa masitepe pambali pa msewu ana akufa nacho chiseko. Wamkulu wanga atamva kuti kumeneko amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki anafunsa kuti akalankhula ndi ndani, palibe anamuyankha. Pa mlatho wa Bua tinangochepetsa liwiro kuti aone madzi, pa Malomo tinagula tchipisi cha pachiwaya, nthochi ndi nzimbe, agogo anafuna mbewa koma ndinawakaniza kuti m'galimoto ya eni ayi.

Kenako tinalowa m'nkhalango ya Nkhotakota muja msewu umadutsa m'geimu. Pa geti anatiuza bwinobwino kuti muziyenda pang'onopang'ono ndipo musatsike m'galimoto, muli njovu. Tinavomera tikuseka. Msewu wake ndi wokhotakhota, zitunda ndi zitsetse, mitengo yokhayokha mbali zonse, anyani atakhala pamsewu ngati alipira lendi. Titayenda mwina mphindi 20, potsetsereka penapake, tinangomva phuu! kenako gudugudu kumbuyo, galimoto kuyamba kukokera kumanzere. Abambo anaigwira bwino, anaimika pambali. Tayala lakumbuyo lang'ambika m'mbali, ndipo titaliyang'anitsitsa mkati mwake munali mutatha kale mpaka mawaya kuonekera, kunja kokha ndi komwe kunali kopakidwa polishi kuti liziwala. Galimoto yochoka ku sevisi dzulo imeneyo.

Tinati palibe vuto, sipeya ilipo. Kutsitsa zikwama zonse, kulabokosi, mphasa ya agogo, kutulutsa kasipeya kaja, abambo kukadina ndi chala chimodzi kakulowa ngati mandasi a dzulo. Mulibe mpweya olo pang'ono. Jeke inalipo koma chopukusira chake palibe. Sipanala yomasulira manati inalipo koma ya galimoto ina, imangozungulira pa nati osagwira. Ndiye tayerekezani, 11 koloko dzuwa lili pamutu, ana atatu, nkhalamba ya shuga, ndipo pafupi ndi pomwe abambo anagwada panali ndowe za njovu zazikulu ngati mpira, zina zisanaume nkomwe, nthambi zothyokathyoka zili mbwee mumsewu. Netiweki zero.

Chomwe sindidzaiwala ndi akashembe. Anthu inu, ntchentche imene ija imaluma ngati jakisoni ndipo imaboola ndi malaya omwe. Ine ndinavala diresi ya buluu, kumene ndi mtundu omwe amaukonda, ndinadzamva pambuyo pake. Tikatseka mawindo m'galimoto mukutentha ngati uvuni, tikatsegula akulowa, mzime wanga wa zaka 4 akulira, ine ndikumupepesa uku ndikumenya akashembe ndi silipasi. Apongozi anangofunda chitenje kumutu n'kuyamba nyimbo za m'buku la mapemphero motsitsa mawu, atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti "Amake mwana, kodi si inu munati mwaiona sipeya?" Ndinangoti ee mayi ndinaiona. Ndikanatinso chiyani.

Abambo anakwera kamtunda kena pambali pa msewu kusaka netiweki, ine ndikukuwa kuti bwererani kuno mukufuna ndikhale namfedwa chifukwa cha Sienta? Anapeza kamzere kamodzi. Anamuimbira bwana uja ka 7, foni ikungoitana. Kachi 8 anayankha, ndipo mawu oyamba sanafunse olo kuti ana ali bwanji kapena muli pati, anangoti "Mwaliphulitsa bwanji? Limenelo mulipira, ndi latsopano." Atauzidwa za sipeya akuti ndiye kuti mwaiphwetsa nokha. Ife tiphwetse sipeya ili pansi pa zikwama, tipindulenji? Kenako anati ndili pa maliro ndikuimbirani, foni thii. Mpaka lero sanaimbe.

Galimoto zimadutsa koma mwa apo ndi apo, ndipo ambiri saima m'menemo, sindikuwadanso. Lole ina yonyamula matumba a mpunga inaima, adalaivala ake anatsika ndi sipanala yawo koma inali yaikulu, pampu analibe, anatisiyira madzi a m'chigubu n'kulonjeza kuti akanena pa geti. Ananenadi, Mulungu awadalitse bambo amenewo kulikonse ali, chifukwa pasanathe ola kunabwera alonda a m'geimu awiri ndi mfuti zawo n'kukhala nafe. Sanatikalipire kuti mwatsikiranji, anangouza ana kuti akhale mkati. Mmodzi ndi amene anatifotokozera kuti njovu zambiri m'menemo anachita kubwera nazo pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, pafupifupi 500, a African Parks atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, chifukwa zakale zija opha nyama anali atatsala pang'ono kuzitha. Ine mumtima ndinati zikomo potiuza kuti zilipo 500 pamene tilibe tayala.

Ndipo zinabweradi. Cha m'ma 1 koloko mlonda uja anangokweza dzanja kuti chete, kutsogolo kwathu kumunsi, mtunda ngati bwalo la mpira, zinatulukira zisanu ndi kamwana kamodzi pakati, kuwoloka msewu mwaulemu wake osatiyang'ana nkomwe. Phokoso palibe, chinthu chachikulu chonchija kuyenda ngati chavala masokosi. Ana anakanirira pa galasi, kulira konse kunatha, apongozi anavundukula chitenje chija n'kunena kuti "Ha! Koma Mulungu ngwamkulu." Ife a ku Kasungu tili ndi paki yathu pakhomo pomwepa koma ana anga anali asanaionepo njovu ndi maso. Sindikunena kuti bwana uja ndimuthokoze ayi, asaganize choncho.

Tsopano apa ndi pomwe nyenyezi yachiwiri ikuchokera. Pa kiyi panali kapepala kolembedwa nambala ina, abambo anaiyesa, anayankha mnyamata amene amatsuka ndi kukonza galimotozo. Anangofunsa kuti mwadutsa geti ndi mphindi zingati, n'kunena kuti madala musachoke pamenepo ndikubwera. Ine sindinakhulupirire. Koma cha m'ma 3 tinangoona njinga yamoto ikubwera, tayala lathunthu atalimangirira kumbuyo ndi malamba a chubu, pampu ndi sipanala zili m'chikwama kumsana, nkhope yonse fumbi. Kuchokera ku Kasungu mpaka m'geimu pa njinga, mafuta anathira a m'thumba mwake, njingayo anachita kubwereka kwa mnzake wa kabaza. Anagwada kupereka moni kwa agogo kaye, "Pepani agogo, takulakwirani," asanakhudze ndi galimoto yomwe. Mphindi 15 tayala lalowa. Sanathere pomwepo, anazungulira matayala ena atatu aja kuwapapasa mkati, kupopa kasipeya kaja n'kutionetsa kuti kakutuluka mpweya pa valavu, kuyang'ana madzi ndi oilo. Nditamufunsa kuti kodi abwana anu sankadziwa, anayang'ana pansi n'kunena kuti mayi ine ndinawauza mwezi watha. Tinamupatsa K20,000 ndi nthochi zomwe zinatsala, anayamba wakana kawiri.

Galimoto payokha ndinene zoona, ndi yabwino. Mafuta imamwa pang'ono kwambiri, tinapita ndi kubwera osathiranso kachiwiri, zitseko zotsetsereka zija zinawathandiza agogo kukwera osavutika ndi mawondo, ndipo zitunda za m'geimu pobwerera inakwera osadandaula ngakhale tinali titadzaza mpunga kumbuyo. Mipando yakumbuyo kwenikweni ndi ya ana basi, munthu wamkulu sangakhalemo ulendo wautali, komanso mukaidzutsa malo a katundu amatsala ochepa. Eyakoni imagwira ikafuna.

Ku Nkhotakota tinafika dzuwa likulowa, tsiku lonse lomwe tinalipira K120,000 litathera pa ndowe za njovu. Mawa lake tinathamanga nazo, mtengo wa mkuyu uja pafupi ndi chipatala cha St Anne's pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, kenako madzi otentha a ku Mawira komwe ana sanamvetse kuti palibe amene wasonkha moto pansi. Kunyanja kunali mwera, mafunde aakulu, koma apongozi analowa ndi chitenje chawo mpaka m'mawondo, kusamba kumaso, kutunga madzi m'botolo la Sobo kuti akaonetse anzawo a kumvano. Tinadya chambo ndi mpunga, tinagula usipa wouma, basi ulendo wobwerera, ndipo m'geimu muja palibe analankhula mpaka titatuluka geti linalo.

Lolemba pokabweza galimoto ndiye kunali zisudzo. Bwana uja, maliro atatha kaya, anatenga kabuku n'kuyamba kuwerengera, tayala K70,000, kukalika kwa pa bampala K30,000, ndiye kuti dipoziti yathera pomwepo eti. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha Lachisanu, kukalika komweko kulipo, iye mwini akuoneka pambali atagwira makiyi. Anati aaa mwina ndi kuwala kwa dzuwa. Ndinamuonetsanso chithunzi cha tayala mawaya ali panja, ndinati achimwene, ili ndi lomwe mumati latsopano? Ndinalankhula mokweza dala chifukwa panali bambo wina amene amafuna kubwereka Noah, ndipo bamboyo anayamba kusuzumira pansi pa galimoto. Pamenepo ndiye mawu anasintha, mayi tisakangane ndife anthu amodzi, ndikutumizirani pa Airtel Money madzulo ano. Anatumiza K50,000. Yotsalayo ndi mawa, mawa, sabata zitatu tsopano, ndipo za tsiku lomwe tinataya lija sakufuna ndi kuzimva komwe. Abambo akunyumba akuti zisiye, ndalama imapezeka. Ine sindisiya, si nkhani ya K50,000, munthu anatumiza ana anga m'nkhalango ndi tayala lopaka polishi.

Ngati mulibe kochitira mwina ndipo mukabwereka komweko, tulutsani sipeya panja muidine ndi dzanja, yesani sipanala pa nati iye akuona, lowetsani dzanja kuseri kwa tayala lililonse, jambulani zonse, ndipo mutenge nambala ya mnyamata uja osati ya bwana.

Dzulo ndaiona Sienta yomweyo pa filing'i siteshoni itadzaza anthu a chinkhoswe, mnyamata uja ndi amene amayendetsa. Anandipatsa moni, kufunsa za agogo. Ndinamufunsa ngati valavu ya sipeya ija anasintha, anangoseka n'kukweza galasi.