WordPress, Squarespace kapena Hugo: gulu la zaluso ku Harare lisankhe chiti?

Mawebusaiti ambiri a magulu a zisudzo, magule ndi ojambula amafa imfa imodzi: amene anamanga wachoka, ndipo otsala sadziwa n'komwe kusintha tsiku la chionetsero. Choncho musanasankhe chida, dziwani kaye munthu amene aziika ndandanda ya mwezi wamawa, mwina pa foni, magetsi a ZESA (kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe) atazima.

Squarespace ndi Wix n'zosavuta kuyamba. Mumasankha kapangidwe, n'kuikamo zithunzi, ndipo za SSL (njira yotetezera uthenga pakati pa webusaiti ndi woiwerenga) ndi chitetezo amakuchitirani eni ake. Vuto lili pa ndalama. Malipiro ake ndi a madola kudzera pa khadi ya Visa kapena Mastercard, ndiye khadiyo ikakana kwa nthawi, tsamba limatsekedwa. Pogulitsa matikiti, Squarespace imadalira kwambiri makampani olandirira malipiro a pa intaneti a Stripe ndi PayPal, koma Stripe sagwira ntchito kwa ogulitsa a ku Zimbabwe, pomwe anthu athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amalipira pa EcoCash, njira yolipirira pa foni. Wix nayo salola kunyamula webusaiti yonse kupita nayo kwina.

WordPress ndi imene imayenera magulu ambiri, ngakhale imafuna kuisamalira ngati dimba la masamba. Pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) ya The Events Calendar imasunga ndandanda ya zionetsero, ndipo Paynow, njira yolandirira malipiro ya ku Zimbabwe, ili ndi pulagini ya WooCommerce (sitolo ya pa WordPress) yolandirira EcoCash, OneMoney ndi makhadi. Mlembi wa gulu mumupatse udindo wa Editor basi. Wa Administrator ukhale kwa anthu awiri okha, kuti wina asafufute zofunika mwangozi. Zimene zimawononga WordPress n'zodziwika: mapulagini 25 pomwe ofunika ndi 7, pulagini yosiyidwa chaka chonse osaisintha mpaka akuba alowerepo, ndiponso kapangidwe kogulitsidwa kotengedwa mwaulere pa masamba okayikitsa, komwe nthawi zambiri kamabwera ndi vairasi mkati. Sungani kope la webusaiti sabata iliyonse ndi pulagini ya UpdraftPlus, lizipita ku Google Drive, ndipo musasinthe pulagini iliyonse musanasunge kopelo. Zithunzi ndiye mdani wamkulu. Chithunzi cha ovina chojambulidwa pa foni chimafika 4 MB. Zikakhala 20 pa tsamba limodzi, munthu wa bandulo yaing'ono amatseka asanaone kanthu. Zichepetseni zifike mapikiselo 1600 m'lifupi ndi 200 KB, mu WebP, njira yosungira zithunzi mopepuka, yomwe WordPress imalandira kuyambira mu 2021.

Hugo imapanga masamba opanda database (nkhokwe ya deta), othamanga kwambiri, ndipo pa GitHub Pages, malo oikapo mawebusaiti, simulipira. Palibe pulagini yoti ithyoledwe. Koma kusintha tsiku kumafuna kulemba mu Markdown (kalembedwe ka zizindikiro zapadera) n'kutumiza kudzera pa Git (chida cha olemba mapulogalamu), ntchito yomwe woimba mbira sangaikonde pokhapokha mutamuikira Decap CMS, chida chosinthira masamba mosavuta. Hugo imayenera malo osungirako mbiri ya gulu ndi zithunzi zakale, zomwe sizisinthasintha.

Gulu lochita zionetsero mwezi ndi mwezi litenge WordPress. Chilichonse chimene mungasankhe, dzina la .co.zw, lomwe amayang'anira ndi ZISPA (bungwe la makampani a intaneti a ku Zimbabwe), lilembetsedwe m'dzina la gulu ndi imelo ya gulu, osati ya womanga uja. Ndipo posamuka, maadiresi akale onse muwalozetse ku atsopano ndi 301 (chizindikiro chakuti tsamba lasamukiratu), apo ayi amene akudina malinki akale a pa Facebook ndi WhatsApp azingopeza 404, uthenga wakuti tsamba silikupezeka.