Massey Ferguson 135 ndi Ford 3000: yogula ndi iti, yovuta kukonza ndi iti?

Alimi anzanga a ku Chongwe, Makeni ndi Lusaka West, mathirakitala awiriwa akakhala pamalonda pamtengo wofanana, mtima umagawikana. Ndi a m'badwo umodzi: Massey Ferguson 135 inatuluka mu 1964, Ford 3000 mu 1965. Onse ali ndi injini ya dizilo ya masilinda atatu ndipo amakoka pulawo ya madisiki awiri bwinobwino. Kusiyana kwawo kumaonekera pa tsiku lokonza.

Nkhani yaikulu ili pa injini. Massey ili ndi Perkins AD3.152 ya malita 2.5, ndipo mapisitoni ake amayenda m'masilivu ochotseka. Injini ikatha, mumagula masilivu, mapisitoni, maring'i, mabering'i ndi magasiketi pamodzi, makaniko n'kuibwezera mwakale. Zipangizozi sizisowa m'masitolo a mu Lusaka chifukwa injini ya mtundu womwewu ili mu MF 240 yopangidwa ku Pakistan, imene yafala kuno. Ya Ford ndi yokulirapo, malita 2.9, ndipo imakoka mwamphamvu, koma ilibe masilivu: pisitoni imakhuza buloko yeniyeniyo. Ikadyeka, injini yonse itsike, ipite ku makina okaboola.

Ford ili ndi nthenda inanso yoopsa. Madzi a m'radiyeta amadya khoma la silinda pang'onopang'ono mpaka kuboola kabowo kosaoneka ndi maso, madziwo n'kuyamba kudonthera mu oyilo. Madzi a m'mijigo ya kuno ali ndi laimu wambiri, amene amatsekanso timapaipi ta radiyeta, choncho thirakitala imene yamwa madzi okhaokha zaka zonsezi, popanda mankhwala oteteza dzimbiri, muikayikire. Poyesa, pitani m'mamawa injini isanalizidwe. Masulani pang'ono bawuti yokhuthulira oyilo kunsi kwa injini, osaichotsa. Madzi amakhala pansi pa oyilo, ndiye ngati alimo adzayamba ndiwo kudontha. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka akunenanso zomwezo. Mwina ndi gasiketi ya kumutu chabe, koma pa Ford musalipire ndalama musanatsimikize. Pa nkhani iyi, Massey yapambana.

Utsi wakuda pang'ono polima usakuopseni, popeza Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300, ndipo injini zopanda turbo zimapeza mpweya wochepa. Woopsa ndi utsi wabuluu, komanso kapaipi kopumira injini kakamafuka kwambiri.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumavutitsa onse. Ambiri ali ndi Thermostart, kachotenthetsera kokhala panjira ya mpweya: gwirani kiyi pamalo ake masekondi 15, kenako lizani. Ngati kafa, gulani kena, n'kotchipa. Mankhwala opopera olizira injini asakuzolowereni, amathyola maring'i, ndipo akakumana ndi Thermostart yoyaka amaphulika. Kiyi ya Massey ikapanda kuyankha n'komwe, musathamangire batire: ndodo yaifupi ya giya iyenera kukhala pakati, apo ayi sitata sizungulira.

Pampu ya dizilo ya Massey ndi CAV DPA. Imadzithira mafuta ndi dizilo yemweyo, motero madzi a m'migolo ndi fumbi zimaipha msanga. Dizilo akatha m'munda, mpweya muchotseni motere. Masulani bawuti ya pamwamba pa fyuluta, mupope ndi chala kachitsulo ka pampu yaing'ono ya m'mbali mwa injini mpaka thovu litatha, mumange. Chitani chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pampu yaikulu, kam'munsi koyamba, kam'mwamba pambuyo. Kenako masulani manati a mapaipi pa mainjekita, muzungulitse injini mpaka dizilo alavuke, mumange, mulize. Kachitsulo kopopera kaja kakamangoyenda lendelende, zungulitsani injini kamodzi, kagwira. Ford zina zili ndi CAV yomweyi, zina Simms. Simms imapirira dizilo wakuda pang'ono ndipo ili ndi kabatani kowonjezera mafuta poliza kukazizira, koma ili ndi oyilo wakewake m'mimba mwake. Ambiri amamuiwala mpaka pampu itadyeka. Musintheni tsiku lomwe mukusintha wa injini.

Pa mikono yonyamulira pulawo, Ford ndiyo yosavuta. Pampu yake ili panja, pambali pa injini, ndipo imachoka ndi mabawuti ochepa. Vuto lake n'lakuti paipi yokoka oyilo kuchokera kumbuyo ndi yaitali, timphira ta m'malumikiziro tikauma imayamwa mpweya, mikono n'kukana kukwera m'mawa. Pampu ya Massey ili m'kati, pansi pa mpando, yomira mu oyilo. Siyamwa mpweya, koma kuti muifikire muyenera kutukula chivindikiro cholemera, ntchito ya anthu awiri. Pa Massey, oyilo wa giyabokosi, ekiselo ndi pampuyo ndi mmodzi, pafupifupi malita 30. Mphira za pa ndodo za giya zikang'ambika, mvula imalowera pomwepo n'kuononga malita onsewo. Pulawo ikamatsika yokha mutangozimitsa injini, kawirikawiri ndi maring'i a silinda yonyamulira amene atha.

Magiya wamba ndi olimba konsekonse. Ford zambiri zili ndi asanu ndi atatu opita kutsogolo, Massey zoyambirira asanu ndi limodzi. Chenjerani ndi mitundu iwiri yapadera ya giyabokosi. Ford ya Select-O-Speed isiyeni, amisiri oidziwa ndi ochepa ndipo zipangizo zake n'zosowa. Massey ya Multi-Power ndi yabwino polima, koma ikakhala pa Low injini siigwira pamtsetse, imangotsetsereka. Mukamatsika ndi ngolo yodzaza chimanga, ikani Multi-Power pa High. Mitundu iwiriyi siliranso poikoka, choncho batire likhale lamoyo.

Mabuleki ndi ofooka pa onse. Mukaona oyilo akuchucha kuseri kwa gudumu lakumbuyo, silu ya ekiselo, mphira yotsekera oyilo, yatha ndipo nsapato za buleki zanyowa. Kumanga ndodo ya buleki sikuthandiza, sinthani silu ndi nsapato zomwe.

Kwa mlimi wa munda wochepa, amene ali kutali ndi makina oboolera injini ndipo amadalira makaniko wa m'dera, Massey 135 ndiyo yogula, ngakhale itakwererapo mtengo. Ford 3000 ndi yoyenera ngati oyilo wake alibe madzi, giya ndi yawamba, ndipo mtengo watsikadi. Wogulitsa muuzeni asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja mumve ngati ndi yozizira. Ikalira, mangani pulawo mulime mizere ingapo mpaka itenthe, muone ngati mikono ikunyamulabe mwamphamvu, pakuti pampu yotha imabisala oyilo akadali wozizira.