Mamendulo a KAR Mungagule Kuti: Pa Intaneti, ku Okushoni, kwa Ogulitsa Odziwika Kapena Kumudzi?

Anzanga angapo amene adaona bokosi langa la mamendulo akhala akundifunsa kuti munthu wofuna kuyamba kusonkhanitsa mamendulo a asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu la nkhondo la atsamunda a ku Britain limene mudali asilikali ambiri a ku Nyasaland, angagule kuti popanda kuberedwa. Pa zaka zimene ndakhala kuno ku Britain ndayesa njira zinayi, ndipo imodzi mwa izo idandipweteka kwambiri moti sindingathe kuiyeza mofatsa ngati zinzake.

Njira imeneyo ndi misika ya pa intaneti, momwe aliyense amaika katundu wake. Ubwino wake ulipo: zinthu ndi zambiri, mitengo imaoneka yotsika, ndipo munthu amagula ali pampando kunyumba kwake. Ine ndidapezamo Africa General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa kuti "Nyasaland 1915", kamene boma la atsamunda lidapereka kwa amene adatumidwa kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe kumayambiriro kwa chaka chimenecho. Ndinkaifuna chifukwa ndi mboni ya masiku owawa aja, ndiponso chifukwa ambiri mwa amene adaivala pachifuwa adali anthu a kwathu komwe. Pazithunzi zonse zidali bwino: kumaso kudali mutu wa George V monga ziyenera kukhalira, kumbuyo Britannia, mkazi woimira dziko la Britain, ataima pambali pa mkango, ndipo kansalu kake kadali kachikasu, kokhala ndi mizere yakuda m'mbali ndi timizere tiwiri tobiriwira. Chithunzi cha m'mphepete, pamene pamakhala nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali, chidali chimodzi chokha, chosaoneka bwino, ndipo ine chifukwa cha phuma sindidapemphe china.

Patapita miyezi ingapo ndidapita nayo ku chionetsero cha mamendulo, kumene bambo wina wachikulire adaipempha kuti aione. Sadayang'ane nkhope ya mfumu n'komwe. Adaitembenuza cham'mbali, nayendetsa chala m'mphepete mwake, kenaka adatulutsa kachipangizo kopimira m'thumba la jekete. Mendulo yamtunduwu imayenera kukhala mamilimita 36 m'mimba mwake mbali zonse, koma yangayo inkakwana pena, n'kuperewera pamalo pomwe padali dzina. Wina adaipala kuti achotse dzina loyambirira, n'kuzokota lina. Atandipatsa galasi lokulitsa zinthu ndidaona ndekha kuti zilembo zidali ndi timizere ta mpeni mkati mwake ndipo sizidali zofanana kuya kwake, kusiyana ndi zilembo zodinda zimene ndidaziona pa mendulo ina ya msilikali wa 1 KAR (batalioni yoyamba ya KAR) yomwe idali patebulo lomwelo. Kachitsulo kopingasa kaja nako kadali ndi timaenje ting'onoting'ono kuseri, chizindikiro chakuti adachita kukaumba m'chikombole m'malo mokadinda. Pomaliza ndidafufuza m'kaundula wa anthu olandira mendulo imeneyi, amene amasungidwa ku The National Archives ku Kew pansi pa nambala ya WO 100, ndipo nambala ndi dzina lija sizidapezeke. Nthawi yobwezera katundu idali itadutsa kale, ndipo wogulitsa uja sadayankhenso.

Ndalamazo zidandiwawa, koma chimene chimandipwetekabe mpaka lero ndi china. Mendulo yeniyeniyo ndi yoona, ya siliva, ndipo idaperekedwa kwa msilikali weniweni amene mwina adakagwira ntchito ku Somaliland kapena ku Jubaland. Dzina lake lidali pamenepo, ndipo wina adalifufuta ndi tupa pofuna kukweza mtengo. Ambiri mwa asilikali a ku Africa a nthawi imeneyo sadasiye chithunzi kapena kalata, choncho m'mphepete mwa mendulo ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene dzina lawo lidalembedwa. N'chifukwa chake m'misika imeneyi masiku ano ndimangogulamo nsalu zatsopano za mamendulo ndi timabokosi tosungiramo basi.

Nyumba zaokushoni zimene zimadziwika ndi mamendulo n'zosiyana kwambiri ndi zimenezi. Zili ndi akatswiri amene amaunika katundu asanagulitsidwe, ndipo ngati dzina lidakonzedwa kapena kachitsulo kadasinthidwa amalemba poyera m'kabuku ka malonda. Ngakhale munthu asakufuna kugula, nkhokwe ya malonda akale ya Noonans ku London, yomwe kale inkatchedwa Dix Noonan Webb, ndi sukulu yaulere, chifukwa mungaonemo kalembedwe ka mayina a asilikali a KAR ndi mitengo imene mamendulo awo adagulitsidwira. Vuto la okushoni ndi lakuti mtengo umene nyundo yagwerapo si umene mudzalipire. Pamwamba pake nyumbayo imaonjezera gawo lake, lomwe kawirikawiri limapitirira 20 pa 100 iliyonse, ndipo gawolo nalonso limakhala ndi msonkho wa VAT. Tiyerekeze kuti mwapambana pa mapaundi 200 ndipo gawo la nyumbayo ndi 25 pa 100: mwafika kale pa 250, msonkho wa pa gawolo ukukufikitsani pa 260, kulongedza ndi kutumiza musanawerengere. Ulendo wanga woyamba, ku okushoni ina yaing'ono ya kunja kwa mzinda, sindidawerenge malamulo olembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono, ndipo padalinso ndalama ina yoonjezera kaamba koti ndidapikisana kudzera pa intaneti. Kwa amene ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, aonjezerepo kuvuta kwa ndalama zakunja ndi msonkho wa pachipata. Komabe mendulo yosowa, monga KAR Distinguished Conduct Medal, sindingaigule kwina kulikonse.

Njira imene ndimaikonda, ndipo sindibisa, ndi ya ogulitsa odziwika amene ntchito yawo ndi mamendulo okhaokha. Mitengo yawo ndi yokwererapo kusiyana ndi ya pa intaneti, koma mtengo umene mwauona ndi womwewo umene mulipire, ndipo abwino amalemba pa lisiti kuti adzabweza ndalama ngati katunduyo adzapezeke kuti si weniweni. Amene ndimagula kwa iwo adandigulitsa British War Medal ndi Victory Medal za msilikali mmodzi wa 2 KAR wa nthawi ya nkhondo ya Chiwaya (nkhondo yoyamba ya padziko lonse), ndipo asanalandire ndalama adandiuza kuti ndiyambe ndatsimikiza nambala yake m'makaundula a ku Kew a WO 329 ndi WO 372. Adandisonyezanso tizilembo ta "B.M." pakhosi la mfumu, toimira Bertram Mackennal amene adasema chithunzicho, timene pa mamendulo oumba timaoneka mosokonekera. Iwo omwewo ndi amene adandichenjeza za British War Medal ya mkuwa: za siliva zidaperekedwa zoposa 6 miliyoni pamene za mkuwa, zomwe zinkapita kwa magulu ena a anthu ogwira ntchito zamanja, zidali pafupifupi 110,000 zokha, choncho ndi zodula ndipo akathyali amazipanga mwachinyengo.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale wogulitsa wabwino sangakutsimikizireni. Mamendulo a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, monga 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star ndi War Medal, boma la Britain lidawapereka opanda mayina, ngakhale kuti maiko ena monga South Africa ndi Australia adadinda mayina pa awo. N'zoona kuti asilikali a ku Nyasaland adamenya nkhondo ku Moyale ndi ku Tug Argan mu 1940, ndiponso m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, koma Burma Star imene ili m'dzanja lanu siingakuuzeni ngati mwini wake adali wa ku Zomba kapena wa ku Glasgow. Aliyense amene akukwezera mtengo ponena kuti nyenyezi zimenezi zidali za msilikali wa kwathu ayenera kuonetsa kabuku ka usilikali, chiphaso chopumira ntchito, kapena mendulo ina ya dzina imene idabwera nazo limodzi, monga General Service Medal ya ku Malaya, kumene 1 KAR ndi 2 KAR adatumikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Popanda zimenezo, lipirani mtengo wa nyenyezi wamba.

Njira yachinayi ndi kugula kumudzi, kwa mabanja a asilikali eni akewo. Pa nkhani ya kutsimikizika palibe njira yoposa imeneyi, chifukwa mendulo imatuluka m'sutikesi limodzi ndi mapepala ake, ndipo pali anthu amene amakumbukira nkhope ya mwini wake akuivala pa mwambo wokumbukira asilikali wa mu Novembala ku chipilala cha ku Zomba. Mtengo wake ndi wotsikitsitsa, ndipo vuto lagona pomwepo, pakuti amene amagulitsa nthawi zambiri sadziwa mtengo weniweni ndipo akukakamizidwa ndi fizi kapena matenda. Ulendo wanga womaliza kwathu, mayi ena achikulire adanditulutsira mamendulo anayi a malemu bambo awo, atakulungidwa m'kansalu ka chitenje pamodzi ndi chiphaso chong'ambika m'mapindo, ndipo adandiuza kuti nditchule ndekha ndalama imene ndingapereke. Ndidawauza mtengo umene zinthuzo zingagulidwire ku London, ndidawapempha kuti asazipukute ndi phulusa kapena mankhwala owalitsira zitsulo chifukwa zimenezo zimadya nkhope ya mendulo, ndipo ndidajambula chilichonse, kumaso ndi kumbuyo. Chiphaso chija ndidachiika m'kathumba kouma kuti chisamwe chinyezi, ndipo nambala ya bambo awo ndidailemba pa pepala lina limene ndidapatsa mdzukulu wawo wa kusekondale kuti asunge. Mamendulowo adabwerera m'sutikesi.