Kubaya chala kapena kuvala kasensa pamkono?

Anzanga odwala shuga, kamakina kobaya chala tonse timakadziwa. Kadontho ka magazi pa kapepala, masekondi ochepa, nambala yatuluka. Kamayeza magazi enieni, n'chifukwa chake ndimakadalira, koma kamangokuuzani za nthawi yomwe mwabayayo. Mukayeza kanayi pa tsiku, maola ena onsewo simudziwa kuti shuga ali pati, makamaka mukagona.

Apa ndi pomwe kasensa, kachipangizo komata pa khungu koyeza shuga usana ndi usiku, kamapambana. FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott, yomwe inatuluka ku Ulaya mu 2014, imamatidwa kuseri kwa mkono n'kukhala masiku 14. Dexcom G7 imakhala masiku 10 ndipo imatumiza nambala ku foni mphindi zisanu zilizonse, ka 288 pa tsiku. Sabata yoyamba nditavala kasensa, mzere wa pa foni woonetsa shuga wanga unkatsika kwambiri cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, pomwe m'mawa chala chinkandionetsa nambala yabwinobwino. Thukuta lomwe ndinkadzuka nalo ndinkangoliyesa la kutentha. Adokotala atauona mzerewo anasintha mlingo wa insulin wanga wa usiku, osati potengera zomwe zimachitikira odwala ambiri, koma zomwe thupi langa linkachita. Masiku ano sitikambirananso za HbA1c yokha, nambala yotuluka akayeza magazi, yomwe imangopereka chithunzi cha shuga wa miyezi iwiri kapena itatu. Timaonanso kuti shuga wakhala maola angati pakati pa 70 ndi 180 mg/dL, ndipo kwa akuluakulu ambiri cholinga n'chakuti shuga akhale pamenepo kupitirira 70 peresenti ya nthawi.

Koma kasensa sikayeza magazi. Kamayeza timadzi ta pansi pa khungu, ndiye shuga akamakwera kapena kutsika mofulumira kamatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo. Mukakagonera kamathanso kulira kuti shuga watsika pomwe sanatsike. Foni ikamanena zina, thupi likumva zina, bayani chala musanamwe kapena kubaya chilichonse.

Pakati pa Libre ndi Dexcom, musavutike mtima kwambiri, tengani yomwe adokotala anu angathe kuona manambala ake komanso yomwe khungu lanu silikuyabwa nayo. Amene mumabaya insulin, kapena shuga amakutsikirani osamva chizindikiro, kasensa n'kofunika ndithu. Ngati mumangomwa metformin ndipo shuga wanu sasinthasintha, kobaya chala kakukwanirani. Ine ndimavala kasensa, koma kobaya chala sikachoka m'chikwama changa.