Bwalo la Bingu ndi alendo amene limatibweretsera

Bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48 mu mzinda wa Lilongwe, lomwe linatsegulidwa mu 2017 ndipo linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndimaliyamikira kwambiri chifukwa cha alendo amene limakopa. Mu June 2022 timu ya Ethiopia inalisankha kukhala bwalo lake la pakhomo ndipo inagonjetsa Egypt 2-0, kenaka mu 2024 Kenya nayo inalandirira Burundi ndi Ivory Coast pomwepa.

Wolowa m'bwaloli amakhala pampando n'kumaona mpira bwinobwino popanda womutchinga, zomwe ambiri aife sitinazizolowere m'mabwalo ena. Phindu lenileni limaonekera kunja kwa mpanda, kumene mahotela ndi malo ogona alendo amadzaza, a kabaza ndi a minibasi amapeza okwera, ndipo amayi ogulitsa mandasi amabwerera kunyumba madengu ali opanda kanthu.

Nkhawa yanga ili pa chisamaliro, chifukwa bungwe loyendetsa mpira wamiyendo mu Africa la CAF limaletsa masewero pa bwalo lililonse lomwe kapinga, magetsi ndi zipinda zosinthira zovala zafooka. Ndalama zolipira pakhomo ziyenera kubwerera ku ntchito imeneyi mwezi ndi mwezi.